Zilonda Zapakhosi Zimene Zimawononga Mtima wa Mwana

Zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi tizilombo totchedwa streptococcus zikapanda kuchizidwa, chitetezo cha m'thupi chimatha kusokonekera n'kuyamba kuwononga mavavu a mtima, omwe ndi tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mwana amatha zaka osamva ululu. Pa kafukufuku wa ku Gulu m'dziko la Uganda, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, ana oposa 800 amene matenda a mtimawa anali atangowayamba anagawidwa pawiri, gulu limodzi n'kumabayidwa jakisoni wa penisilini pakatha masabata anayi aliwonse kwa zaka ziwiri. Matendawa anakula mwa ana 3 okha obayidwa, pamene mwa osabayidwa anakula mwa ana 33. Popeza vutoli limayamba ndi zilonda zapakhosi, makolo asazengereze kupita kuchipatala mwana akadandaula zapakhosi.