Kabuku ka Chikumbutso: Kusunga Zimene Madzi Sangakokolole

Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anawononga nyumba, minda ndi ziweto kuno ku Chikwawa ndi Nsanje. Koma pali chitayiko china chimene sitichitchula kawirikawiri: zithunzi za makolo, makalata a abale, makadi a ubatizo ndi ziphaso za ukwati. Mabanja ena anasamukira kumtunda, ndipo ana awo akukula osadziwa mudzi umene makolo awo anabadwiramo. Nchifukwa chake tafuna kufotokoza za kabuku ka chikumbutso.

Nzeruyi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1990, amayi a bungwe la NACWOLA ku Uganda, amene anali ndi kachilombo ka HIV, ankalembera ana awo mabuku ofotokoza mtundu wawo, abale awo ndi malangizo awo, kuti anawo akadzatsala amasiye asadzasowe mizu. Kumaiko a azungu timabuku todzipangira tokha amatitcha zine, dzina lochokera ku timagazini timene okonda nthano za sayansi ankasindikizirana ku America m'ma 1930. Luso lomata zidutswa zosiyanasiyana kuti zipange chithunzi chimodzi limatchedwa collage, kuchokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kumata. Pablo Picasso ndi Georges Braque analitchukitsa cha m'ma 1912.

Kapangidwe kake nkosavuta. Titenge pepala limodzi la A4, tilipinde pakati katatu, ndipo tikalifunyulula tiona zigawo zisanu ndi zitatu. Tidule mzere wapakati m'litali, kudutsa zigawo ziwiri zam'kati zokha, kenaka tilipinde m'litali ndi kukankhira nsonga zake m'kati. Pamenepo latuluka kabuku ka masamba asanu ndi atatu kosafuna ulusi kapena waya.

Ntchito yaikulu ili pa zoikamo. Tisayese kulemba moyo wonse wa munthu. Kabuku kamodzi kanene nkhani imodzi, monga tsiku limene agogo anawoloka Shire pa bwato pothawa nkhondo ya ku Mozambique, kapena chaka chimene bambo anagula njinga ndi ndalama za thonje. Ana akhale pansi ndi akuluakulu, afunse ndi kulemba mawuwo monga anenedwera, kaya m'Chisena kaya m'Chimang'anja, pakuti kukoma kwa nkhani kuli m'kamwa mwa mwini wake. Pambali pa mawuwo timate kansalu ka chitenje cha amayi, risiti yakale, tsamba louma la mtengo wa pabwalo, kapena mapu a mudzi wakale ojambula pamanja. Pamene chithunzi chinapita ndi madzi, mwana ajambule nkhopeyo motsatira zimene akulu akumuuza.

Tichenjere pa zinthu zitatu. Choyamba, chithunzi chimene chatsala chokha tisachidule. Tidule fotokope yake. Chachiwiri, nkhani ya matenda kapena ya mikangano ya m'banja isalembedwe popanda chilolezo cha eni ake. Chachitatu, kabuku kakatha kachulukitsidwe, kena kasungidwe m'pepala la pulasitiki, kena kwa achibale okhala kumtunda.

Tikupempha akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati kuti ayese ntchitoyi ndi achinyamata mvula isanayambe, agogo athu akadali nafe.