Kaunjika wa ku Limbe anabwera bwanji?

Anzanga, tikamasankha zovala pa kaunjika ku Limbe, timadziwa kuti zinayamba bwanji? Kale boma linkateteza mafakitale athu. Nsalu zakunja zinkalipira msonkho wokwera, ndiye David Whitehead ya mu Blantyre muno inkaveka Amalawi ambiri. Kuyambira m'ma 1980, IMF ndi World Bank ankatikongoza ndalama pokhapokha titatsegula msika. Mu 1995 Malawi inalowa WTO, bungwe loona malamulo a malonda padziko lonse. Misonkho inatsika, mabelo anasefukira. Whitehead inalephera mpikisano mpaka boma linaigulitsa mu 2003, antchito ambiri n'kukhala paulova. Jinzi yotchipa timaikonda, eee, ine ndemwe ndavala. Koma thonje lambiri la ku Chikwawa ndi Balaka limatuluka m'dziko lisanaombedwe nsalu.