Phunziro la Magetsi Liyambire Pamafuwa

Maiko ambiri akukambirana zosiya malasha, petulo ndi dizilo kuti azidalira mphamvu ya madzi, dzuŵa ndi mphepo. Mphunzitsi watsopano akapatsidwa mutu umenewu, kaŵirikaŵiri amayamba ndi maina a misonkhano yakutali, ana n'kumangomuyang'ana. Kuno kwathu phunziroli liyenera kuyambira pamafuwa, pakuti mabanja ambiri m'Malaŵi, ngakhale ena amene ali ndi magetsi m'nyumba, amaphikira nkhuni ndi makala. Funso loti tiliike patsogolo pa ana ndi ili: n'chifukwa chiyani mayi amene ali ndi magetsi amagulabe makala?

Choyamba, ana adziŵe kumene magetsi amachokera. Jambulani mtsinje wa Shire pabolodi ndi kuikapo malo atatu: Nkula, pamene makina anayamba kugwira ntchito mu 1966, Tedzani, ndi Kapichira, pamene anayamba mu 2000. Fotokozani kuti madzi otsika pamathithi amazunguza makina, ndipo makinawo ndiwo amapanga magetsi. Kuyambira mu 2017 kampani ya EGENCO ndiyo imapanga magetsi pamalo atatuŵa, ESCOM imawagula ndi kuwafikitsa kwa anthu, ndipo bungwe la MERA ndilo limavomereza mtengo wake.

Chachiŵiri, tengani nthaŵi ya masamu kulongosola yuniti. Chitofu cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chimatha yuniti imodzi. Babu la mawati 10 limayaka maola 100 kuti lithe yuniti yomweyo. Ana afunse kwa eni magetsi mtengo wa yuniti, afunsenso kumsika mtengo wa mulu wa makala, ndipo aŵerengetsere okha. Adzapeza kuti kuunikira nyumba sikudya ndalama zambiri monga kuphika nyemba. Adzamvanso kwa amayi awo kuti makala amagulika pang'onopang'ono, ndipo sazima nsima ili pamoto.

Chachitatu, onetsani mmene zinthu ziŵirizi zimakokerana. Mitengo ikadulidwa m'mapiri, mvula imakokolola nthaka kuloŵetsa m'Shire. Matope ndi zinyalala, pamodzi ndi namasupuni, zimatseka njira ya madzi opita kumakina, magetsi n'kuchepa. Magetsi akamazimazima anthu amabwerera kumakala, mitengo inanso n'kugwa. Izi muzionetse ndi manja: thirani madzi pamulu wa dothi loyera ndi pamulu wina wokutidwa ndi udzu, ana ayerekeze madzi otsika m'munsi.

Apa tsono ndi pamene mungatchule za maiko ena. Utsi wa malasha ndi mafuta umene maiko olemera akhala akutulutsa kwa zaka zambiri watenthetsa dziko lapansi, ndipo mvula ya namondwe ikumka nikula mphamvu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. N'chifukwa chake sibwino kudalira mtsinje umodzi, ndipo magetsi a dzuŵa a mamegawati 60 amene anatsegulidwa ku Salima mu 2021 ndi chitsanzo cha njira ina. Pangano la ku Paris la 2015 linamanga mfundo yakuti kutentha kwa dziko kusakwere kufika madigiri 2, ndi kuyesetsa kuti kulekeze pa 1.5. Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandizira maiko osauka amene aonongekeredwa. Mwana amene waona madzi amatope aja adzamvetsa chimene nthumwi zathu zimakapempha kumeneko.

Pomaliza, chenjerani ndi chinthu chimodzi. M'kalasi mwanu mudzakhala mwana amene yunifolomu yake inagulidwa ndi ndalama za makala amene bambo wake anaotcha. Mukanena kuti ootcha makala ndi adani a dziko, mwanayo adzaŵeramitsa mutu, ndipo simudzamvanso mawu ake chaka chonse. Komatu iyeyo ndiye akudziŵa kutalika kwa ulendo umene bambo amayenda tsopano kuti apeze mtengo. Mufunseni mwaulemu, ndipo yankho lake lidzaphunzitsa anzake. Mukatero kambiranani zimene banja lingathe kuchita lero: mbaula yosatha nkhuni zambiri, kuvundikira mphika, kuviika nyemba usiku, ndi kubzala mitengo pamalire a munda.