Chovala chimayambira pamsika

Telala wa pakhonde la sitolo amasenza milandu yambiri yosakhala yake. Deresi ikathina itangochapidwa kamodzi, akuti telala sanayeze bwino. Msoko ukamasuka kukhwapa, akuti telala anasoka mothamanga. Zipi ikakana kukwera m'mawa wa tsiku la ukwati, dzina lotchulidwa ndi lake lomwelo. Alipo ndithu matelala osalongosoka, koma aliyense amene anakhalapo pa makina, kaya ndi mayi wosokera ana ake pakhomo kaya mmisiri wa pa Chezi amene amadyera momwemo, amadziwa kuti zambiri mwa zolakwikazi zimakhala zitachitika kale tsiku limene nsalu inkagulidwa. Nsalu yopyapyala siilimba chifukwa choti yasokedwa ndi katswiri, ndipo ulusi wofumbwa suchira poulowetsa mu makina a Singer. Wogula ndiye amayamba kusoka chovala, ndi zala zake, ataimirira pamsika, lumo lisanakhudze kalikonse. N'chifukwa chake kugula nsalu ndi zipangizo zake kuyenera kutengedwa ngati luso lofunika kuliphunzira, monga momwe timaphunzirira kusankha mbewu.

Chezi ili pamsewu wa M14 wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima, m'mapiri a Dowa, msewuwo usanatsetserekere kunyanja. Apaulendo amaidziwa chifukwa cha tomato, anyezi ndi ndiwo zamasamba za m'mbali mwa msewu, koma anthu a m'midzi yozungulira amagulanso pomwepo zitenje, ulusi ndi mabatani. Kusoka si kwachilendo kuderali. Mishoni ya Mvera, imene inayamba mu 1889 pafupi pomwepa, inkaphunzitsa atsikana kugwira singano, ndipo lusolo lakhala likupatsirana m'mabanja ndi m'mipingo. Chimene chasintha kwambiri ndi njira imene nsalu imadzera. Ogulitsa ambiri amakaoda ku Lilongwe, m'masitolo a ku Area 2 ndi m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, kumene katundu amafika kuchokera ku Tanzania kudzera pa Songwe, ku Zambia kudzera pa Mchinji, komanso ku China ndi ku India. Ena amalowera ku Dzaleka, kumene msika wa Lachiwiri umakoka anthu ambiri ndipo matelala ochokera ku Congo ndi odziwika ndi masitayilo awo. A m'mapiri a Ntchisi amadalira pa boma kapena kutsikira ku Mponela. Nsalu ikamafika m'manja mwa mayi wa ku Chezi imakhala itadutsa m'manja ambiri, ndipo wogulitsa womaliza nthawi zambiri sadziwa fakitale imene inaiwomba.

Kale wogula ankatha kudalira dzina. Fakitale ya David Whitehead and Sons, imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, inkaveka anthu ambiri m'dziko muno ndi nsalu ya thonje lolimidwa konkuno, m'madera monga Salima, Balaka ndi chigwa cha Shire. Boma linaigulitsa mu 2003 kwa kampani ya Mapeto, ndipo nsalu yake ikupezekabe, koma pamsika yachuluka ndi yakunja, yogulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya nsalu inakwera limodzi ndi ya ulusi, singano ndi zipi. Wamalonda amene makasitomala ake ndi alimi amakhala ndi njira ziwiri: kukweza mtengo mpaka anthu athawe, kapena kuoda nsalu yotsikirapo imene ikuoneka ngati yakale ija. Sitingamudzudzule kwambiri akasankha yachiwiri, pakuti nayenso akufuna kudyetsa ana. Koma zotsatira zake n'zakuti maluwa a nsalu ndi mawu olembedwa m'mphepete mwake sizikunenanso zoona zonse. Wakisi weniweni, wonga amene kampani ya Vlisco imapanga ku Helmond m'dziko la Netherlands, utoto wake umalowa mbali zonse ziwiri mofanana. Zitenje zambiri zolembedwa kuti ndi wakisi n'zodindidwa mbali imodzi, ndipo ukazitembenuza kuseri kumakhala kotuwa.

Maso okha ndiye sakwanira, pafunika manja. Nsalu yatsopano imabwera itathiridwa sitachi kuti ioneke yokhuthala, choncho wogula aifikise pakona ndi zala ngati akuchapa, kenako aiyang'anitse kudzuwa. Ikafewa msanga n'kuyamba kuonetsa timipata pakati pa ulusi, kukhuthala kuja kunali kwa sitachi ndipo kudzatsalira m'beseni. Kansalu koyera konyowa kakapakidwa pa utoto wofiira kapena wabuluu n'kutengako mtundu, nsaluyo idzachucha n'kuwononga zovala zina. Kuifumbata m'manja n'kuitaya kumathandizanso: thonje limasunga makwinya, poliyesitala amabwerera msanga. Wofuna kutsimikiza atenge timaulusi tingapo ta m'mphepete akatiyatse kunyumba. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesitala amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda kakuda. Izi sizikutanthauza kuti poliyesitala ndi woipa paliponse. Wosakaniza ndi thonje ndi wabwino pa yunifolomu ya sukulu, chifukwa amauma msanga nthawi ya mvula ndipo sang'ambika wamba. Koma kwa mayi amene amaphika pa mafuwa tsiku ndi tsiku, nsalu yosungunuka ikagwira moto imamatirira pakhungu, ndipo simbi ya makala ikatentha kwambiri imaiboola nthawi yomweyo. Funso loyamba pogula likhale lakuti chovalachi chikagwira ntchito yanji, funso la maluwa libwere pambuyo.

Nkhani ya muyeso imapweteka anthu ambiri mwakachetechete. Yadi ndi mita sizofanana: yadi imodzi ndi masentimita 91, pamene mita ndi 100. Nsalu zambiri za wakisi zimabwera m'mayadi 6, omwe ndi pafupifupi mamita 5 ndi theka, ndipo wogulitsa akaidula patatu chidutswa chilichonse chimakhala masentimita 183, ngakhale pakamwa aliyense akuchitchula kuti mamita awiri. Kwa wongomangirira chitenje m'chiuno kusiyanako n'kochepa. Kwa wosoka deresi, masentimita 17 amenewo ndiwo mkono kapena mpendero. Tepi yoyezera ndi yotsika mtengo ndipo imakwana m'kachikwama, kuitulutsa pamsika si kunyoza wogulitsa. Pamwamba pa apo, thonje limabwerera likachapidwa koyamba, ndiye nsalu iyenera kuviikidwa, kuyanikidwa pamthunzi ndi kusitidwa isanadulidwe. Deresi yothina itachapidwa ija kawirikawiri imakhala ya nsalu imene inachoka pamsika n'kulunjika ku lumo. Nsalu ya maluwa akuluakulu imadyanso malo, chifukwa wodula amayenera kutaya zidutswa kuti maluwa akumane bwino kutsogolo ndi kumbuyo. Wogula yoteroyo awonjezeko theka la mita.

Patani ndi pamene anthu ena amanena kuti kumudzi kuno tinatsalira. Ku America, Ebenezer Butterick anayamba kugulitsa mapatani a pepala a misinkhu yosiyanasiyana mu 1863, ndipo mpaka lero wosoka wa kumeneko amagula envulopu yomuuza kuchuluka kwa nsalu, kutalika kwa zipi ndi chiwerengero cha mabatani. Pa Chezi palibe sitolo yotero. Pali zithunzi zomata pakhoma la telala, ndi zina za pa WhatsApp ndi Facebook zimene kasitomala amabwera nazo mufoni. Vuto n'lakuti chithunzi chimaonetsa chovala chitatha, sichinena kuti mkati muli lainingi, kapena kuti siketi yotambasuka choncho yadya mamita anayi, kapena kuti nsalu yake ndi yotamuka pamene chitenje sichitamuka. Komabe kusowa kwa envulopu sikutanthauza kusowa kwa patani. Chovala chakale chimene chinkakhala bwino pathupi ndi patani yoposa yogula, chifukwa chinayesedwa kale pa mwini wake. Chikatha, m'malo mochisandutsa chopukutira, chiyenera kusomoledwa m'misoko, zidutswa zake n'kuzijambula pa pepala lolimba la thumba la simenti kapena pa nyuzipepala, n'kusunga. Wosoka akayala zidutswazo pansi amaona ndi maso kuchuluka kwa nsalu imene ikufunika asanakwere minibasi. Amene sasoka yekha ayambe wapita kwa telala ndi chithunzi chake, amve muyeso ndi mtundu wa nsalu, kenako apite kumsika. Ambiri amachita motembenuza, ndipo telala amakakamizika kufinya sitayilo mu nsalu yosakwana.

Tizinthu ting'onoting'ono ndi timene anthu amaumirirapo ndalama, chonsecho ndi timene timayamba kufa. Munthu amalipira zikwi zingapo pa nsalu, kenako n'kusankha zipi yotchipitsitsa pa tebulo. Zipi iyenera kukokedwa kangapo pomwepo, ndipo ulusi uyenera kuyesedwa poukoka ndi manja: ukaduka mosavuta, kapena ukakhala waubweyaubweya, udzadukanso mu makina ndi pamsoko. Ulusi umene wakhala padzuwa miyezi yambiri umafooka ngakhale unali wabwino. Lasitiki ya m'chiuno mwa kabudula wa mwana italikitsidwe n'kuona ngati ikubwerera. Lainingi nayo ichapidwe limodzi ndi nsalu yake, apo ayi ina idzabwerera ina osabwerera, chovala n'kupindika. Singano za makina zili ndi manambala: 11 ndi ya nsalu zopepuka, 14 imayenda bwino pa chitenje, 16 ndi ya khaki ndi jinzi. Singano yobuntha imalumpha misoko ndipo imakoka ulusi wa nsalu, mwini wake n'kumaganiza kuti makina a Butterfly awonongeka. Makinawo amafuna mafuta akeake. Mafuta ophikira amauma n'kumata zitsulo, ndipo ndalama yokonzetsa imaposa kutali ya kabotolo kaja.

Wina anganene kuti zonsezi n'kudzivutitsa, pakuti kaunjika alipo. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu ndipo siyenera kukankhidwira pambali. Juzi ya mwana yotchinga mphepo ya Juni m'mapiri a Ntchisi, jekete, jinzi, zonsezi zimatsika mtengo pa kaunjika kusiyana ndi kusoketsa, ndipo palibe chifukwa cholimbanirana nazo. Koma pali zovala zimene belo silingatulutse. Yunifolomu ya sukulu ili ndi mtundu wake, amayi a Chigwirizano mu Sinodi ya Nkhoma ali ndi bulawuzi yoyera ndi siketi yakuda, makwaya ndi akomiti ya ukwati amafuna nsalu imodzi, ndipo pali matupi amene sapeza saizi yawo pamulu. Komanso kaunjika amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo: mu Febuluwale 2025 mavenda ake anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukadandaula za kukwera kwa mtengo wa mabelo. Chinanso chimene otsutsa amaiwala n'chakuti kwa wosoka, kaunjika ndi sitolo ya nsalu. Shiti ya pabedi ya thonje labwino imatulutsa maderesi awiri a ana, katani yokhuthala imasanduka chikwama cha mabuku, malaya aakulu a abambo amadulidwa n'kukhala a mnyamata, ndipo buluku lotha limasiya zipi ya YKK ndi mabatani olimba kuposa ambiri atsopano. Nsalu yotere inachapidwa kale kambirimbiri, siidzabwereranso ndipo siidzachucha.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri: munthu amagula molingana ndi ndalama imene ili m'manja, ndipo kumuuza wosauka kuti asankhe nsalu yabwino kuli ngati kumunyoza. Koma pa zonse zanenedwazi palibe chimene chikufuna kuti munthu agule yodula. Kufikisa, kuyeza ndi kuviika sikulipiritsa, ndipo pa mtengo umodzi womwewo pamakhala nsalu ziwiri zosiyana kulimba. Wa ndalama zochepa ndiye amene sangakwanitse kugula kawiri, choncho ndiye woyenera kudekha koposa. Ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe n'kubwera ingadye phindu lonse la munthu wogula chitenje chimodzi, koma amayi a banki mkhonde kapena a kwaya akasonkhana n'kutuma mmodzi wodziwa nsalu, amagula pa mtengo wooda, ulusi n'kutenga wa bokosi, ulendo n'kugawana. Nthawi nayo ndi ndalama. Ku Dowa ndi ku Ntchisi ndalama imalowa m'nyumba fodya, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, pamene chipwirikiti cha kwa telala chimafika sukulu zikamatsegulira mu Seputembala ndi Khirisimasi ikayandikira. Banja logula nsalu ya yunifolomu mu Julayi limasankha mosathamanga, limakhala ndi masiku oichapa, ndipo telala amakhala ndi mpata wosiya mpendero waukulu ndi misoko yotakata, kuti mwana akakula chaka chamawa yunifolomuyo ingomasulidwa m'malo mogula ina.