Kodi phiri la Mulanje linachokera kuti?

Ana anga, sunthirani pafupi, azakhali anu ndabwera ndi funso. Kodi malo okwera kwambiri m'Malawi muno ndi ati? Ndi nsonga ya Sapitwa, pamwamba pa phiri la Mulanje. Msinkhu wake ndi mamita 3,002 tikayezera pa nyanja yamchere. Mukuidziwa rula yaitali ya aphunzitsi, ya mita imodzi ija? Taganizirani marula 3,002 atalumikizidwa n'kuimikidwa chilili. Eee, kutalika kwake!

Nanga phirili linachita kumera? Ayi. Kalekale, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Pansi penipeni pa nthaka panali miyala yotentha, yosungunuka ngati phala. Inakwera m'mwamba, koma sinatulukire kunja. Inazizira pang'onopang'ono ili mkati momwemo, kenako n'kuuma gwa! Inasanduka chimwala chachikulu, cholimba zedi, chokwiririka.

Tsono anachifukula ndani? Mvula, ana anga, mvula yomwe mumasewera pamtetete ija. Chaka ndi chaka inkakokolola dothi ndi miyala yofewa ya m'mbali. Chimwala chija chinakana kukokoloka. Nthaka yozungulira inatsika, icho n'kutsala chili njo! Apa ndi pamene ine pamandizizwitsa. Thanthwe limene lero limabisala m'mitambo, kale linali pansi mumdima.

Kodi mungazione nokha zimenezi? Inde. Tolani mwala waukulu ngati chibakera chanu. Ukwirireni ndi mchenga mpaka usaonekenso. Tungani madzi m'kapu, muzithira pamwamba pang'onopang'ono. Penyetsetsani mchenga ukutsetsereka m'tingalande ting'onoting'ono. Werengani makapu amene mwathira mpaka mwala utasuzumira.

Nanga bwanji ku Mulanje kumagwa mvula yambiri? Mphepo yachinyezi, monga chiperoni, imachokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique. Ikagunda phiri, imakwera. Kumwambako kumazizira, ndiye chinyezi chija chimasanduka mitambo ndi mvula. Madziwo amatsika m'mitsinje ya Ruo, Likhubula ndi Thuchila. Tiyi wa m'minda ya m'munsi mwa phiri amakondwa ndi mvula imeneyi. Pamwamba pamamera mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Watsala wochepa kwambiri, choncho tiziuteteza.

Kwanuko kuli phiri kapena kachulu ka miyala? Mvula ikadzakata, mupite ndi munthu wamkulu m'munsi mwake. Mukaone kumene madzi asiya mchenga, ndipo mukawafotokozere anzanu kusukulu.