Ndani amauza mchira wa nsomba kuti udikire?

Ana inu a ku Kande, tsiku lina nyanja ikadzacha bata, mudzaime phee m'madzi osaya n'kuyang'anitsitsa tiana ta nsomba timene timazungulira mapazi anu. Kamchira kakapita kumanja kamabwerera kumanzere, msangamsanga koma kosasokoneza. Kodi zimatheka bwanji?

Mbuna za m'miyala ya pachilumba cha Kande zimafungatira mazira m'kamwa, chambonso chimodzimodzi, ndiye n'kovuta kuona mwana akuyamba kugwedezeka. Choncho asayansi amaweta kansomba ka mizeremizere kochokera ku India ndi Bangladesh, kotchedwa zebrafish. Dzira lake limaonekera mkati. Pakangotha maola 17 dziralo litaikiridwa, kamwana kamayamba kudzipinda m'dziramo. Pofika maola 27, ukakakhudza kamagwedeza mchira mosambira, komatu kasanaswe n'komwe!

Nkhani yonse ili m'mitsempha ya mumsana. Mitsempha ina imalamula minofu kuti ikoke. Koma ilipo inanso, imene ineyo imandisangalatsa kwambiri, ntchito yake kuletsa. Minofu ya kumanja ikamakoka, mitsempha imeneyi imaolotsa uthenga kupita kumanzere kuti mbali imeneyo iyambe yadikira. Uthengawo umanyamulidwa ndi timankhwala ta m'thupi totchedwa glycine. Munaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi? Munsi wina ukamatsika, wina umakhala m'mwamba. Atatsitsira limodzi, minsi ingagundane ndipo mphale singakonoke.

Mu 2005, wasayansi Hiromi Hirata ndi anzake anafotokoza za tiana ta zebrafish timene mitsempha yake simva bwino uthenga woletsawu. Ukatikhudza, mbali zonse ziwiri zimakoka nthawi imodzi. Kathupi kamangofupika n'kuuma gwa, kosapita patsogolo. Mphamvu tili nazo ndithu tiana timeneti, chosowa n'kupatsana mpata.

Nafenso anthu tili ndi mitsempha yoletsayi. Ukapinda mkono, minofu ya kutsogolo imakoka, ya kumbuyo n'kumasuka. Matenda a kafumbata amaopsa chifukwa poizoni wa tizilombo tolowera pabala amatsekereza uthenga woletsa, ndiye nsagwada zimamangika, msana n'kuuma. Katemera wake ali m'gulu la amene makanda amabayidwa kusikelo akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Kafunseni amayi akuonetseni m'kabuku kanu ka kuchipatala.