Makanema a Nyimbo ndi Masiku a Mzere wa Unga

Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, moyo unalimba m'makomboni a Lusaka monga Kanyama, Matero ndi Chawama. Azimai anali kulawira mbandakuca kukaima pa mzere wa unga, sopo ndi saladi. Komabe anthu sanaleke kusunga tindarama twa baisikopo, makamaka makanema a nyimbo ndi magule ocokera ku India.

Ena anati kumeneku kunali kungotaya ndarama. Koma taonani nkhani zace. Mu "Mother India" ya 1957, mai Radha akoka yekha pulawo, pomwe mwini kaloba alanda magawo atatu mwa anai a zokolola zace. Mu "Disco Dancer" ya 1982, Jimmy akula ali mmphawi woyimba m'miseu, kenaka atchuka.

Ku America nakonso, pa nthawi ya ulova waukulu, kanema wa "Gold Diggers of 1933" anatha ndi nyimbo ya asilikali akale ataima pa mzere wa cakudya.

Munthu wa m'komboni sanafunike womasulira. Kaloba anali kumdziwa, mzere anali kuudziwa. Cimene anali kulipira pakhomo ndico kuona mmphawi mnzace akuyimba, osagonja.